Chinyontho Chinalowera Kumapazi

Chaka chimenecho mphepo ya kumwera inabwerera msanga. Tinadzuka tsiku lina n'kupeza makoma akutuluka thukuta, galasi la kuchipinda lachita khungu, pansi pakuterera ngati wina wathirapo mafuta. Ndinatseka mawindo onse n'kuyala manyuzipepala pakhomo, monga timachitira chaka ndi chaka. Zovala zinakhala pachingwe osauma mpaka zinayamba kununkha ngati galu wovumbidwa. Zimenezi si zachilendo kwathu ku Pak Chung, mudzi wa timitsinje ndi maiwe a nsomba. Chachilendo chinali mwamuna wanga.

Au Yiu-tong, bambo a mwana wathu Ka-ho, ndi munthu amene ankakwera masitepe awiriawiri ngakhale dazi litawafika pankhongo. Chaka chimenecho anayamba kukwera imodzi, n'kupuma, dzanja lili pabondo. Ankati mutu wawo uli ngati aukulunga thaulo lonyowa. Mpunga ankangoutokosa ndi timitengo todyera, ndipo akakhala pampando ankagona kukamwa kuli yasa. Akadzuka ankadandaula kuti wina wawathira mchenga m'miyendo.

Matenda ake panalibe wofunsa. Kwathu mwana asanadziwe kulemba dzina lake amakhala akudziwa kale chinyontho, kuti chimalowa m'thupi n'kudikha ngati madzi a m'dambo, munthu n'kulemera, n'kufooka, n'kudana ndi chakudya. Funso limakhala limodzi lokha: chalowera pati?

Nkhawa yanga sinali miyendo yokha. Bambo a Ka-ho ndiwo amagwira nkhafi yaikulu yowongolera bwato la mudzi wathu, lija timapikisana nalo mwezi wachisanu. Sitilitchula bwato ayi, timati Chinjoka. Agogo awo anaima kumchira kwake, bambo awo anaimanso pomwepo, kenako iwo. Mipikisano ikatha, amuna amachotsa mutu ndi mchira zosema n'kukasunga ku nyumba ya makolo, ndipo thupi lake amalikwirira m'matope pansi pa kamtsinje. Chimagona momwemo mpaka mwezi wachinayi wa chaka chinacho. Mtengo wake ndi wotero, m'matope umalimba ngati chitsulo koma ukakhala pa mphepo ndi dzuwa umang'aluka. Tsiku lodzutsa Chinjoka, wowongolera ndiye amayamba kulowa m'matope, ndipo chikayandama amakwera n'kuima kumbuyo kwake, osagwira kanthu kena kupatula nkhafi. Miyendo ikamukana, nkhafi imapita kwa wina, ndipo siibwerera.

Winayo anali kale chire. Chi-keung, mwana wa mng'ono wawo, mnyamata wa akatumba ngati maungu, anayamba kubwera kwathu kawirikawiri kudzaona odwala. Ankakhala n'kumayang'ana maondo a bambo ake aakulu ngati munthu wofuna kugula ng'ombe.

"Bambo aakulu, masitepe akukuvutani? Ndikuberekeni?" anatero tsiku lina, akuseka.

"Iwe, amene ankakubereka kumsana ukulira mamina ali chuu ndi omwewa," ndinamuyankha, nditamuloza ndi chala changa chaching'ono chopindika chija. Chinathyoka ndi khoka ndili mtsikana, ndipo mudzi wonse umachidziwa chifukwa ndi chimene ndimalozera anthu ndikapsa mtima. "Imwa tiyi wakoyo uzipita."

Ndinayamba nkhondo. Mowa wa m'firiji ndinaupereka kwa aneba. Tsekwe wowotcha, nyama yonona, nsomba yaiwisi yodula mopyapyala imene amaikonda kuposa ine, zonsezo ndinazitsekera kunja. Zotsekemera ndinabisa, chivwende sichinapondenso pakhomo. Bedi ndinalikwezera kuchipinda chapamwamba, kutali ndi pansi ponyowa. Tsiku lililonse mphika unkabwata msuzi wa nyemba zofiira zing'onozing'ono, makoko a nachesi ouma ndi jinja.

"Mayi a Ka-ho, mwandisandutsa mbuzi," ankatero, akuyang'ana ndiwo zamasamba zowiritsa.

"Mbuzi imakwera masitepe. Idyani."

Ankadya, ankamwa msuzi osatsala dontho, koma miyendo inkangolemererabe. Akakolo anayamba kutupa, moti ukadinikiza ndi chala pankatsala kadzenje. Mwezi wachitatu utayamba ndinagonja, n'kuwakokera kutauni ku chipatala cha mankhwala a makolo kumene amagwira ntchito Wai-yin.

Wai-yin ndi mwana wa mchimwene wanga. Matewera ndinkamusintha ndi manja angawa, koma akavala choyera chija n'kukhala kuseri kwa tebulo, ndimapezeka ndakhala mowongoka ngati mwana wa sukulu.

"Amalume, lilime," anatero.

Analitulutsa. Linali lotupa ndi lotumbululuka, pamwamba pali zoyera zokandapala ngati phala lozizira, m'mbali mano atadindamo. Wai-yin analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika zala zitatu pamtsempha wa padzanja lawo n'kutseka maso. Ndakhala ndikuona zimenezi moyo wanga wonse, koma sindizizolowera. Munthu kukhala chete n'kumamvetsera za m'kati mwa mnzake ndi nsonga za zala, kumadinikiza pang'ono, kumasiya, kumasuntha chala chimodzi ngati akufunsa funso.

"Kapamba watopa," anatero atatsegula maso. "Kapamba ndiye moto wa pansi pa mphika, azakhali. Ukazilala, madzi amene timamwa sakwera ngati nthunzi kupita kumene akufunika, amangodikha. Tiyeni tione chauzimitsa n'chiyani. Zakumwa zozizira?"

"Ndinathetsa."

"Zonona, zokazinga?"

"Amangomva fungo la kwa aneba."

"Zaziwisi? Zotsekemera?"

"Ngakhale shuga wa m'tiyi ndinachotsa."

"Amagona chipinda chapansi?"

"Bedi ndinakweza kumwamba. Msana wanga ndi mboni."

"Amagona ndi tsitsi lonyowa?"

"Tsitsi lake liti?"

Wai-yin analuma mlomo kuti asaseke. "Nanga amangokhala osayenda? Madzi osayenda ndiwo amawola."

"M'mawa uliwonse amapita kumsika kukamwa tiyi ndi nkhalamba zinzawo," ndinatero. Bambo a Ka-ho anali atayang'ana kudenga, ngati kuli chinthu chosangalatsa kwambiri.

Wai-yin anawauza kuti avule malaya, apinde buluku, agone chafufumimba. Anatenga timabotolo tolumikira, n'kumalowetsa lawi la moto m'kabotolo kalikonse mwachangu, n'kukamatika pakhungu. Tina anatiika pamsana, tina kumbuyo kwa miyendo. Tinadikira. Ta pamsana tinangokoka khungu n'kukhala mbee, toonekera bwinobwino. Koma ta kumiyendo tinayamba kuchita nkhungu m'kati, ngati galasi la kwathu lija. Nkhunguyo inakhuthala, n'kusanduka timadontho, timadonthoto n'kumatsetsereka m'mbali mwa botolo.

Mawu akuti chinyontho ndawanena kambirimbiri, ndawanenera ana, aneba, ngakhale mphaka, koma tsiku limenelo ndinachiona ndi maso anga chikutuluka mwa munthu amene ndimagona naye bedi limodzi. Nyengo yomwe inali pamakoma a nyumba yathu inalinso m'kati mwake. Ndinachita mantha, ndipo ndinazizwa kuti tinapangidwa motero.

"Chinyontho chili ndi makomo ambiri," anatero Wai-yin, akuchotsa timabotolo. "Cholowera pakamwa chimakhala m'mimba, ndipo khomo limenelo mwalitseka bwino, azakhali. Chobwera ndi mphepo chimatera pamutu ndi pamapewa, chimenecho tonse tili nacho mwezi uno. Koma ichi chalowera kumapazi, ndipo chikulowabe. Inu mukupungula ndi chikho, wina akuthira ndi ndowa." Anapukuta kabotolo kamodzi. "Palinso china. Mtsempha wawo ndi wa munthu amene akutafuna chinthu chosamezeka. Maganizo nawo amazimitsa kapamba. Amalume, mapazi anu amapita kuti?"

"Kumene ndimapita ine," anayankha, akumanga mabatani.

"Chabwino. Mankhwala ndikupatsani, koma mapaziwo akapanda kuuma, nkhafi ija muiwale."

M'basi pobwerera ine mutu unali kuwira. Ndinaganiza zambiri, mpaka za mkazi wamasiye wogulitsa mabanzi otentha kutsidya kwa kamtsinje, ngakhale sindinkaona chifukwa choti munthu aziwoloka pamadzi pomwe mlatho ulipo.

M'mawa mwake atatuluka ndinavala nsapato n'kuwatsatira. Kunali nkhungu moti sindinavutike kubisala. Pamphambano yolowera kumsika sanakhote. Anadutsa m'mbali mwa maiwe a nsomba, akukoka miyendo, mpaka pokhotera kamtsinje pamene pali mtengo waukulu wa kachere. Aliyense amadziwa chimene chimagona pamenepo, ndipo nyengo imeneyi palibe amapitako.

Ndinasuzumira kuseri kwa mtengo. Madzi anali atatsika kuposa mmene ndinawaonerapo, matope ali poyera. Pakati pa matopewo panatumphuka chinthu chakuda, chonyezimira, chachikulu ngati msana wa njati. Kunali kumbuyo kwa Chinjoka. Bambo a Ka-ho anavula, anapachika zovala panthambi, n'kulowa m'matope ozizirawo mpaka m'chiuno. Anayamba kutapa thope ndi manja awiri n'kumamata pamtengopo, pang'onopang'ono, mosalaza, ngati mayi akudzoza mwana mafuta. Ankayankhula chapansipansi.

"Gonani, agogo. Nthawi sinakwane. Gonani."

Ndinaima pamenepo nkhungu ikuyenda pamwamba pa madzi, ndikuona kamunthu kadazi kakufunditsa chinthu chimene chinalipo agogo athu asanabadwe. Chinyontho chimene chinkasunga Chinjoka ndi chomwecho chinkadya mwamuna wanga, ndipo iye ankachitapa ndi manja ake.

Atamaliza kumata ndinatulukira. "Tiyi wake ndi ameneyu?"

Anadzidzimuka mpaka anatsala pang'ono kukhala pansi m'thope. Anayang'ana uku ndi uku. "Tsitsani mawu, mayi a Ka-ho."

"Nditsitse mawu? Ine ndakhala ndikusenza bedi, ndikuwiritsa nyemba mpaka nyumba yonse kununkha, inu mukudziviika kuno ngati chinangwa?"

Anatuluka movutikira, akugwira mizu. Miyendo yawo inali yotuwa, ikunjenjemera. Anandifotokozera akupukuta ndi kansanza. Kumunsi kwa kamtsinje anamangako chitseko chatsopano cha madzi, ndipo mbandakucha uliwonse ankachitsegula kuti madzi akuda atuluke. Madziwo pothamanga ankakokolola thope la kumbuyo kwa Chinjoka n'kuchisiya pamtunda mpaka masana, pamene madzi ankabwerera. Kungochisiya choncho miyezi yonseyi, chikanadzuka chong'aluka.

"Nanga osauza anzanu bwanji? Amuna adzaza mudzi wonsewu."

"Chinjoka chikagona sachitchula pakamwa, mukudziwa inu. Sachisuntha tsiku lake lisanafike." Anayang'ana pansi. "Ndiponso malo ano ndinasankha ndine. Zikamveka kuti ndinachigoneka poipa, Chi-keung safunikanso kudikira miyendo yanga."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," ndinatero. Koma mkwiyo unali utatha. Ndinangoona kuti njira zonse ziwiri zikuwalanda nkhafi: akasiya kumata, Chinjoka ching'aluka, akapitiriza, miyendo iwakana. Ka-ho, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali kutali ku Shenzhen kuntchito. Panatsala munthu mmodzi.

"Kuyambira mawa ndizilowa ine."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'nyumba ya makolo. "Mkazi sakhudza Chinjoka."

"Ndikudziwa."

"Agogo anga akanamva zimenezi…"

"Agogo anu ali pouma. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, bambo a Ka-ho. Valani buluku, mukundichititsa manyazi."

Tinakangana njira yonse, tinakangana pa chakudya, ndipo m'mawa mwake anandiperekeza atavala masokosi awiriawiri ndi majombo. Titafika pa kachere anatembenuka n'kupereka msana kumadzi. Anati chimene sanachione sadzafunika kuchinamira.

Zoti sindinkaopa ndinkangonena. Masiku ano atsikana ali ndi mabwato awo apulasitiki ndipo amapalasa kuposa anyamata, koma Chinjoka chakale n'china. Kuyambira ndili mwana ndinkachionera patali, amayi atandigwira phewa. Thope linandimeza mpaka m'chiuno, kuzizira kwake kunakwera m'mafupa ngati singano. Ndinatapa thope, ndinapempha chikhululukiro mumtima, n'kuika manja.

Mtengowo unali wosalala ndi wolimba ngati mwala wa mumtsinje. Madzi otsala ankadutsa pansi pake, ndipo ndinamva ukunthunthumira pang'ono m'zikhatho zanga, ngati chifuwa cha munthu wogona. Ndikusalaza thope, zala zanga zinagwera m'timaenje tiwiri toyandikana pathabwa lakumbuyo. Ndinatipapasa, kutsogolo kotambalala, kumbuyo kozungulira. Anali malo a mapazi. Palibe anawasema ndi chitsulo. Anakumbika okha ndi zidendene za agogo awo, za bambo awo, ndi za munthu amene anaima pamtunda atandipatsa msana uja. Ndinakhala nditagwira pamenepo, kuzizira nditakuiwala, misozi ikutsika popanda kundipempha.

"Mwayamba ndi mbali ya kumanzere?" anafunsa, akuyang'ana maiwe a nsomba.

"Ndayamba."

"Muzikandapalitsa. Thope la pamwamba ndi lamadzi, muzitapa la pansi."

"Amene sakuona akhale chete."

Tinachita choncho m'mawa uliwonse. Ndikamaliza ndinkawaza madzi pamwamba n'kusalaza ndi tsamba la nthochi kuti pasaoneke kuti padutsa munthu. Kunyumba ndinkawiritsa mankhwala a Wai-yin, akuda ndi owawa, ndipo madzulo ndinkawafukiza pamaondo ndi kamtolo ka chitsamba chouma monga anandiphunzitsira. Mapazi atauma, mankhwala anayamba kugwira. Zoyera za palilime zinayamba kuchoka kunsonga, n'kumabwerera kumbuyo tsiku ndi tsiku ngati madzi akuphwa. Kadzenje ka pakakolo kanasiya kutsala. Tsiku lina anapempha mpunga wachiwiri. Tsiku linanso ndili kukhitchini ndinamva masitepe akulira awiriawiri, ndipo ndinazimitsa mpopi kuti ndimvetsere bwino.

Tsiku lodzutsa Chinjoka linafika kunja kutayera, mphepo itatembenukira kumpoto. Ndinayenera kulowanso m'matope m'mawa womwewo, chifukwa amuna akanapeza kumbuyo kuli pamtunda, nkhani yonse ikanaululika. Bambo a Ka-ho anali ku nyumba ya makolo kofukiza lubani, choncho ndinapita ndekha. Ndinkadziwa kuti mwambo wa kumeneko umatenga nthawi, koma tsikulo anafulumira. Ndili m'kati momata ndinamva ng'oma ikutsika ndi njira ya kumaiwe. Ndinatsiriza mothamanga, ndinakwawa kutuluka, ndinatsuka miyendo pa dziwe n'kuvala buluku louma. Tsamba la nthochi linatsala pamtunda osagwira ntchito yake.

Anafika mudzi wonse, nkhumba yowotcha itanyamulidwa pathabwa lofiira, makombola akuphulika, ana atatseka makutu. Akazi tinaima chapatali pamtunda monga mwa nthawi zonse. Wai-yin anali atapempha tchuthi, ndipo anadzaima pambali panga. Kutsogolo kwa amuna kunali Agogo Achinayi, omwe timawatchula choncho chifukwa anali achinayi kubadwa m'nyumba mwawo. Ndiwo aakulu mwa onse a mtundu wa Au, mano anatha kalekale, ndipo makutu awo amamva zokhazo zimene akufuna.

Bambo a Ka-ho analowa m'matope poyamba, mwamphamvu, osagwira mizu. Ena anatsatira. Kenako Chi-keung, amene anathamangira kumbuyo, anaima n'kukweza mkono. Ng'oma inasiya.

"Agogo, tabwerani muone. Dzanja ili ndi la mwamuna uti?"

Ngakhale ndinali patali ndinaliona. Pamwamba pa thope latsopano panali dzanja lodindika bwinobwino, laling'ono, zala zinayi zowongoka, chachisanu chitapindikira kunja. Amuna anayang'ana dzanjalo, kenako mitu inatembenuka umodziumodzi kuyang'ana kumtunda. Akazi amene anali pafupi nane anasuntha pang'ono. Ndinalowetsa dzanja m'thumba, ngati zimenezo zikanathandiza. Ndinaona nkhafi ikuchoka m'nyumba mwathu chifukwa cha chala changa.

"Agogo," anayamba bambo a Ka-ho, "mlandu ndi wanga. Ndine amene…"

Agogo Achinayi sanawayang'ane n'komwe. Anapinda buluku, anatsika ndi ndodo yawo, anyamata awiri atawagwira m'khwapa. Atafika anawerama n'kuyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Anayang'ananso mmene madzi anatsikira, ndi mzere wa pamizu ya kachere wosonyeza pamene ankafika kale. Kenako anatambasula chikhatho chawo chachikulu cha mitsempha, anachiika pamwamba pa langa, n'kudinikiza mpaka thope linatuluka pakati pa zala.

"Ine ndikuona langa," anatero.

"Koma agogo, chala chija…"

"Ukuti chiyani, mwana iwe? Uziyankhula mokweza, ndine wokalamba." Ena anaseka chobisa. Agogo anapukuta dzanja pamalaya a Chi-keung, ndipo nkhope yawo inasintha. "Mwini wake ali pansi apa, ayankha yekha. Akadzuka wong'aluka, tikhala pansi tikambirane. Akadzuka wathunthu, ndani wa inu ali ndi mawu oposa ake? Imbani ng'oma."

Anayamba kukumba ndi manja, mabeseni ndi ndowa, mzere wa amuna kuchokera pa kachere mpaka kokhotera. Thope linkauluka, misana ikunyezimira. Pang'onopang'ono m'mphepete mwake munaonekera, mbali iyi ndi inayo, motalika moti wa kumutu sankamva mawu a wa kumchira. Atapungula thope la m'kati anagwira onse n'kuyamba kugwedeza motsatira ng'oma, uku, uko, uku, uko. Chinjoka chinakana. Madzi anali atayamba kubwerera, akuzungulira m'ziuno mwawo. Anagwedezanso. Ndiye panamveka mkokomo wochokera pansi, wautali, ngati dziko likupuma, ndipo thope linachisiya.

Chinadzuka chonse nthawi imodzi, chakuda bii, madzi akutsika m'nthiti mwake. Chaka chilichonse ndimaona zimenezi, ndipo chaka chilichonse ndimaiwala kupuma, koma tsikulo ndinkachiona ngati munthu amene wachigwirapo chili m'tulo. Palibe anafuula. Anachitsuka ndi madzi a masamba a manyumwa, ndipo Agogo Achinayi anayenda nacho chammbali mpaka kumbuyo, akupapasa thabwa lililonse. Atafika pamene panali dzanja paja anakweza ndodo n'kugogoda. Mtengo unalira ngati belu, mawu oyera opanda kusasa, mpaka anamveka kumtunda kumene tinaima.

"Wathunthu," anatero agogo. "Yiu-tong, ukudikira chiyani? Kwera."

Bambo a Ka-ho anagwira m'mphepete n'kudziponya m'mwamba. Anaponda m'timaenje tija, phazi lililonse pamalo pake. Chi-keung ndiye anali pafupi ndi nkhafi, ndipo anainyamula n'kuipereka ndi manja awiri, maso ali pansi. Opalasa anakwera, Chinjoka chinapendama uku ndi uku ndi kulemera kwawo, ine maso ali pa maondo aja. Sanagwedere. Ng'oma inagunda, nkhafi zinalowa m'madzi pamodzi, ndipo apo m'pamene mudzi unafuula.

"Azakhali," anatero Wai-yin chapansipansi, "lilime."

"Pano?"

"Lilime."

Ndinalitulutsa pang'ono. Analiyang'ana, anandigwira dzanja lija ndinabisa, n'kuika zala zake zitatu pamtsempha. Sanatseke maso nthawi yaitali.

"Chalowera kumapazi," anatero. "Mapazi anu amapita kuti, azakhali?"

"Kumene amapita amalume ako."

Anangosunga dzanja langa m'manja mwake mpaka Chinjoka chinazimiririka kokhotera.

Tsiku limenelo amuna amadyera limodzi ku nyumba ya makolo mpaka mdima, ndipo wowongolera amakhala pafupi ndi agogo. Ine ndinabwerera kunyumba ndekha. Pa masitepe ndinakwera imodzi, n'kupuma, dzanja lili pabondo. Ndinagona pampando osavula n'komwe nsapato.

Chinandidzutsa ndi fungo la chinthu chopserera, dzuwa lisanalowe. Kukhitchini kunkamveka kugwa kwa zivundikiro ndi munthu akudziyankhulira. Patapita nthawi bambo a Ka-ho anatulukira, munthu amene kuyambira tsiku la ukwati wathu sankadziwa kumene miphika imakhala, atanyamula beseni la madzi otentha a jinja. Analiika pansi, anagwada, anandivula nsapato, n'kuika mapazi anga m'madzimo limodzilimodzi. Kenako anabwerera kukatenga mbale ya msuzi.

"Phwando mwalisiya?" ndinafunsa.

"Tsekwe wowotcha amabweretsa chinyontho," anatero. "Imwani usanazizire."

Nyemba zinali zosapsa, jinja anachulutsa, makoko a nachesi anapserera pansi pa mphika. Ndinamwa wonse.